Chidole Choyang'ana Kutsogolo

Nkaya, Balaka
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Bernadetta,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku Joni pamodzi ndi ana. Pa foni mukandifunsa ngati ndikudya ndimangoti eya, ndiye ndati ndilembe zimene pakamwa zimandikanika.

Tsiku lomaliza lija linalibe chizindikiro chilichonse. Alamu anu a Hellen analawirira kusankha tomato pakhonde, wakupsa m'beseni, wosapsa pansi. Tinakangana pang'ono chifukwa mbuzi yawo inamasuka n'kukadya mbatata za eni, iwo akuti chingwe ndinamanga ndine, ine ndikukana. Ndinawanyamulira beseni panjinga mpaka pa siteji ya Nsanama. Minibasi ya ku Liwonde inali itadzaza, kondakitala akukuwabe kuti malo alipo. Sindinadikire kuti akwere. Ndinangomva kumbuyo akuti, "Mukaimange bwino mbuziyo, bambo ophunzira inu!" Ndinakweza dzanja osacheuka. Masana uthenga unafika kuti minibasi yawombana ndi lole.

Chiikire maliro, funso limodzi linandisowetsa mtendere: kodi lole ija anaiona ikubwera? Anafa ali ndi mantha? Ndikakhala pansi ndinkadzuka, ndikapita kumunda ndinkabwerako khasu lili loyera.

Chimene simukudziwa n'chakuti ndinaimbira mwana wanu Blasius. Musamukalipire, ndine ndinamupempha kuti asakuuzeni. Munandiuza kale kuti ku fakitale kwawoko amawombanitsa magalimoto m'kompyuta, osaphwanya enieni, kuti aone pamene chitsulo chimapindikira. Ndinamutumizira zithunzi za minibasi ija ili pa polisi, n'kumufunsa ngati kompyuta yakeyo ingandiyankhe.

Patapita masabata anaimba.

"Amalume, zimene zatuluka n'zambiri, foni yanu singazinyamule. Ndizifinye kaye."

"Kufinya ngati zovala zochapa?"

Anaseka. "Pafupifupi. Galimoto timaigawa timagawo tambirimbiri. Toyenda mofanana timasiyapo kamodzi kuti kaimire tonse. Kosiyana ndi tinzake ndi kamene sititaya, chifukwa nkhani imakhala pamenepo."

Kenako kakanema kanafika. Minibasi yotuwa, m'kati muli zidole zopanda nkhope, chilichonse pampando wake. Chimodzi anachipaka chofiira, ndiye alamu anu, pampando umene ndinamuuza mongoganiza. Mphuno ya galimoto ikukwinyika pang'onopang'ono ngati chitini chopondedwa. Blasius anati pamsewu zonsezo zinachitika mofulumira kuposa kuphethira, moti ululu sunapeze mpata wofika kumutu. Zimenezo ndinalandira. Koma kakanemako kamayambira pamene zitsulo zakhudzana kale.

"Nanga zam'mbuyo?" ndinafunsa.

"Ndinadula, amalume. Kumeneko manambala sasintha."

"Koma chidolechi chikuyang'ana kutsogolo. Chikuiona lole."

Anati, "Zimenezo kompyuta sidziwa."

Achemwali, ndinakaonera kakanemako mpaka mwini shopu yotchajira mafoni anandizolowera. Nthawi yomweyo abale a malemu ankatumiza mawu kuti akufuna kugawa katundu ndi kundisudzula, ndibwerere kwathu, poti ku Nsanamako ndinali mkamwini. Sanalakwe, ndi mwambo. Koma ndinkangowabweza, lero mutu, mawa ulendo. Ndinkaona ngati katundu akachoka ndisanadziwe, ndiwasiya a Hellen ali chiyang'anire lole ija.

Tsiku la msika ndili pa shopu pomwepo, anandiyandikira mayi wina wogulitsa matemba, dzanja lili m'chikhakha.

"Si inu amuna awo a mayi a tomato aja? Ndine Nafisa. Tinakwera limodzi. Pepani, pa maliro ndinali m'chipatala."

Sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinangowapatsa foni. Anaonera, n'kugwedeza mutu.

"Iii, minibasi yake iti yokhala mwaulemu chonchi? Aliyense pampando wake ngati ku ofesi! Wofiirayu ndani?"

"Akazi anga."

"Iyayi bambo, apa si pamene anakhala. Mipando inali itatha. Kondakitala anawakhazika kuseri kwa dalaivala, pamalo potentha paja, nkhope kuyang'ana ife, mawondo athu atagundana. Msewu anaufulatira. Ndipo mukanamva mmene ankakudyerani! Akuti amuna anga anafika Fomu 2 koma mfundo ya chingwe cha mbuzi imawakanika. Galimoto yonse kuseka, iwo mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Lole ndinaiona ndine. Iwo sanaione."

Ndinawafunsanso, anabwereza zomwezo, n'kulumbira. Ndinakhala pa benchi ya pa shopu paja mpaka msika unabalalika, ndipo sindinafune kudzuka.

Loweruka ndinawaitana ndekha abale aja. Amalume awo a malemu, a Walter, anayala mphasa n'kuti ndiyambe kusankha ine. Zitenje za kumpingo, mapoto, mabeseni, nsapato, ndinaona kuti n'zofanana ndi za mayi aliyense wa ku Nsanama. Ndinati ang'ono awo a Hellen agawane. Mbuzinso inapita kwa iwo. Ine ndinapempha chingwe chake chokha. Anayang'anana, wina n'kuseka, koma a Walter anati mupatseni. Kumbali ya kumtengo, kumene ndinkamanga ine, kulibe kanthu. Kumbali ya kukhosi kuli mfundo imene anamanga a Hellen. Sindinalole kuti aimasule, tinachita kuvula chingwecho podutsitsa m'nyanga, mbuzi ikulira. Tsopano chili pa msomali kuseri kwa chitseko, m'nyumba ya malemu amayi athu kuno ku Nkaya, kumene ndabwerera.

Tulo sitinabwerere tonse, sitima ikamadutsa ndimadzukabe. Koma dzulo ndinagwira khasu mpaka dzuwa pamutu.

Moni kwa onse. Blasius mumuthokoze, anagwira ntchito yake mokhulupirika, malo olakwika ndinamuuza ndine. Ngati sikuvuta, mumuuze kuti chidole chofiira chija achitembenuze, chiyang'ane anzake. Asavutike kunditumizira. Angochitembenuza basi.

Ndine mlongo wanu,
Goodwin