Bambo Akukufuna Pakati pa Othamanga

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe, mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Nanga iwe, bondo lija likukuvutabe kukazizira? Kuno tilipo. Alamu ako ali bwino, kungoti ntchito yawaondetsa. Ine ndikusokabe, ngakhale maso ayamba kukana kulowetsa ulusi.

Udabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni umandifunsa za bambo, ine n'kuyankha kuti ali bwino, iwe n'kuti ukuthamangira kuntchito. Lero ndafuna ndilankhule mpaka ndimalize popanda wondidula pakamwa.

Ukukumbukira mmene bambo analili mayi atatisiya. Ankangokhala pampando wa pawindo uja, wailesi ikudzilankhulira yokha. Dimba la mayi kuseri kwa nyumba linasanduka tchire. Udzu unafika m'chiuno, ndipo nditati ndipeze munthu alime, anandikalipira kuti pasapezeke wokhudzapo.

Kudera kwathu kuno kuli gulu la anthu odzipereka. Loweruka lililonse m'mawa amakumana pabwalo la sukulu. Amphamvu amathamanga, ena amayenda pambuyo atanyamula makasu ndi mbande. Onse amakathera pakhomo pa munthu wokalamba kapena wodwala, n'kumulimira, kupalira ndi kudzala. Salipidwa kanthu. Anthu amangowatcha a Thukuta.

Ndinawapempha abwere kwa bambo. Tsikulo bambo atamva phokoso anatuluka ndi ndodo, n'kupeza anthu ovala makabudula akupuma wefuwefu m'dimba la akazi awo. Anawafunsa kuti akuthawa chiyani, ndipo ngati wowathamangitsayo ali pafupi, atseke geti. Onse anaseka. Bambo sanaseke. Koma ataona mayi wina akufuna kuzula maluwa a mayi poganiza kuti ndi udzu, anamulanda khasu n'kuyamba kumuonetsa zozula ndi zosiya. Anachoka m'dimbamo malaya atanyowa.

Loweruka lotsatira anadzuka ine ndisanafike, n'kupita okha kubwalo la sukulu.

Usaganize kuti ankathamanga. Ankayenda pambuyo penipeni mpaka anzawo anawapatsa dzina loti a Mchira. Koma paja moyo wawo wonse anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi, ndiye njira zachidule zonse zinali m'mutu. Nthawi zina othamanga ankafika thukuta lili kamukamu, n'kupeza a Mchira akhala kale pamwala. Ankawafunsa kuti, "Ana inu, munaima kuti?"

Mlongo wanga, ndinawaona bambo akuseka mpaka kupukuta misozi. Thupi linabwerera. Anayambanso kumeta ndevu. Mumtima ndinati tawapezanso.

Zinayamba pang'onopang'ono. Makiyi kuwapeza mufiriji. Kundifunsa ngati ndadya, ndikayankha n'kundifunsanso. Ndinkangoti ndi ukalamba.

Kenako tsiku lina gulu linafika pakhomo pa mayi wina wosaona amene ankapita kukamupalirira, koma a Mchira osaoneka. Anadikira, osabwera. Atandiimbira foni ndinasiya diresi la mwini lili pamakina, n'kutuluka osatseka ndi chitseko chomwe.

Tsiku limenelo a Thukuta sanalime. Anagawana misewu. Othamanga anapita kutali, oyenda ankafunsa khomo ndi khomo. Amene anawapeza ndi mwamuna wina wa msinkhu wako, wamtali ngati iwe, wokonza magalimoto. Timangomuti Makaniko. Anawapeza kuseri kwa msika atagwada pakhomo pa anthu osawadziwa, akuzula udzu ndi manja. Anamuuza kuti akufulumira, mayi akatuluka m'chipatala asadzapeze dimba lili chonchi. Kenako anamuyang'ana Makaniko kumaso, n'kumuitana dzina lako.

Dokotala anati ndi matenda oiwala. Anati mankhwala angochedwetsa, koma zomwe zapita sizibwerera. Anatilangiza kuti tisawatsekere m'nyumba, kuyenda ndi kulima kuziwathandiza, bola pakhale wowayang'anira.

Ndinayesa kukuuza pafoni kuti bambo akuiwalaiwala. Iwe unaseka, n'kuti nawenso masiku ano umaiwala pomwe waika magalasi. Nkhaniyo ndinangoisiyira pomwepo.

Makaniko ndiye anali waliwiro kuposa onse m'gulumo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuthamanga. Amayenda pambuyo ndi bambo, phazi ndi phazi. Bambo amamuitana dzina lako, iye n'kuvomera. Amamukalipira kuti mpaka lero sadziwa kugwira khasu, iye n'kupepesa. Amamufunsa za mkazi wake ndi ana, koma akutanthauza ako.

Tsiku lina anabwera kuntchito kwanga ali ndi mafuta m'manja, n'kuima pakhomo mwamanyazi. Anati ndimuuze mayina a ana ako ndi makalasi amene ali, chifukwa akuopa kuyankha zolakwika n'kuwasokoneza bambo. Anafunsanso timu ya mpira imene umaikonda. Nditamuuza anagwira kumutu, akuti imeneyo ndiye amadana nayo kuyambira ali mwana, koma aziichemerera basi. Tinaseka. Atachoka ndinalira pamwamba pa nsalu ya kasitomala.

Ndisakunamize, zimandiwawa. Ine amene ndimawachapira, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala, masiku ena amanditcha mayi wosoka uja, n'kundithokoza ngati mlendo wachifundo. Koma dzina lako silichoka pakamwa pawo. Sindikukuchitira nsanje. Ndikungofuna udziwe.

Ukaimba foni ya kanema, waona kuti amakuyankha kuti, "Zikomo bambo, zikomo kwambiri." Iwe umaganiza kuti akuseleula. Sakuseleula. Amaona ngati ndiwe munthu wowerenga nkhani pa kanema. Foni ikadulidwa amandifunsa kuti bambo aja amafuna chiyani.

Tsopano ndikuuze chimene chandilembetsa kalatayi.

Loweruka lapitali gulu linali kudzala mitengo m'mbali mwa mpanda wa chipatala chaching'ono chija. Oyenda anafika msanga, chifukwa othamanga anatenga njira yaitali yozungulira. Inenso ndinalipo, masiku ano ndimapita nawo. Makaniko ankakumba dzenje, bambo atagwira mbande m'manja. Ndinaona bambo akumuyang'anitsitsa nthawi yaitali, maso ali mbee ngati kale.

Kenako anati, "Pepani achimwene, inu si mwana wanga. Mwana wanga ali ndi chipsera pachibwano, anagwa panjinga. Ali kuti?"

Makaniko anaima ndi fosholo m'manja. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenako Makaniko anawauza kuti iweyo ukubwera m'mbuyo.

Bambo anaika mbande ija pansi bwinobwino, n'kudzisansa dothi m'mawondo. Anakonza kolala ya malaya, n'kupita kukaima pageti. Othamanga anayamba kufika mmodzimmodzi. Aliyense akamalowa, bambo ankamuyang'ana kumaso, kenako n'kuyang'ananso kumsewu. Ena ankawapatsa moni mwansangala kuti a Mchira lero mwatiposanso, koma bambo maso ali kumsewu basi. Womaliza analowa. Iwo anaimabe.

Palibe amene anagwiranso khasu. Tonse tinangoima ngati pamaliro.

Ndinapita kukawagwira dzanja, n'kuwauza kuti tiyeni, dzuwa lakula. Anati, "Tidikire pang'ono, mwana wanga. Mlongo wakoyo ndi wochedwa kuyambira kale, koma amabwera." Tsiku limenelo anandizindikira inenso. Ndinkafuna kusangalala, koma ndikanasangalala bwanji?

Tinaima pagetipo mpaka bambo anatopa kuima. Makaniko anakatenga galimoto ya kuntchito kwake n'kutiperekeza kunyumba. Titatsika ananditengera pambali. Anati iye sanatope ndipo satopa, aziyenda nawo mpaka tsiku limene bambo adzalephere kudzuka. Koma anati bodza limene ananena pagetipo silikumupatsa mtendere. Anandipempha kuti ndikuuze, usamusiye akhale wabodza.

Pofika madzulo bambo anali ataiwala zonse. Anadya, n'kufunsa ngati mayi abwera. Dokotala akuti masiku owala ngati limenelo azichepa, kenako adzatheratu.

Ndiye mlongo wanga, sindikupempha kuti utumize kanthu. Mankhwala alipo, zovala zilipo. Ndikupempha iweyo. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo kuntchito savomera msanga. Ukawagwadire mabwana akowo, uwauze kuti bambo ako akudwala, chifukwa akudwaladi. Usadikire tchuthi cha ana. Usadikire kuti ndidzakuimbire foni ina ija imene tonse tikuiopa.

Sindingakulonjeze kuti adzakuzindikira. Mwina adzakupatsa moni ngati mlendo, n'kugwira dzanja la Makaniko. Zikadzatero udzapirire, ine ndapirira zambiri. Koma mwina udzapeza tsiku labwino, ndipo adzakugwira pachibwano.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze kuti kalatayi awerenge nayenso, asamve ngati ndikumulanda mwamuna. Ana uwapsompsone. Alamu ako akupereka moni, a Thukuta nawonso akuti akufuna kukuona ndi maso. Mulungu akusunge, akutsegulire njira, ndipo akufikitse kuno nthawi ikadalipo.

Bambo sindinawauze kuti ndikukulembera. Ndikuopa angakaime pageti.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana.