Madzi mu Petulo

Lachitatu, Febuluwale, Chintheche.

Lero mtima wandilemera. M'mawa Ada Chirwa, aphunzitsi aku Kande, anabwera akuthamanga. Akazi awo anali atadwala matenda a amayi kuyambira dzulo, mwana osabadwa. Anati, “Ada, tithandizeni, tiwatengere kuchipatala.”

Ndinapukusa handulo ya lole ya mishoni mpaka manja kuchita matuza. Injini inkatembenuka bwinobwino koma osalira. Ndinamasula mapulagi n'kuwapukuta, moto unalipo. Ndinataya nthawi yaitali pa mawaya, poti mumtima sindinkafuna kuyang'ana petulo. Nditatsegula kabureta masana, ndinapezamo madzi. Diramu la petulo ndinalisiya ndine losatseka pa mvula ya Lolemba, ndipo ndinathira osasefa.

Pamene lole inkalira, amuna anayi anali atanyamuka kale ndi mayiyo pa machira. Ndinawapeza panjira. Mayi ali moyo, koma mwana wapita.

Madzulo Ada Chirwa anandigwira dzanja nati, “Mwayesetsa, Ada. Galimoto yakalamba, si mlandu wanu.”

Ndinangovomera ndi mutu. Mawa kumaliro adzandithokozanso pamaso pa anthu, ndipo ine sindikudziwa ngati ndidzawauza za diramu lija…