Yosefe amupereka kukaweta ng'ombe

Achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Zingalume tilipo, koma amayi miyendo ija yatupanso.

Chipinda chija tinaumbira njerwa kusukulu chatha, malata akhoma. Mchenga wake ndinasenza pamutu kuchokera kudambo, khosi mpaka lero silitembenuka bwino. Ndinkati Yosefe wanga aleke kuphunzirira pansi pa mtengo.

Sabata yatha atate ake anamupereka kwa mwini ng'ombe wa patsidya kuti aziweta. Akuti akatha zaka zinayi adzampatsa kang'ombe kakakazi. Ine sanandifunse n'komwe. Nditayesa kuletsa anandiyankha kuti, "Sukulu inapatsapo ndani ng'ombe m'mudzi muno?" Aphunzitsi ake anabwera pa njinga kudzawachonderera, iwo n'kungonyamula khasu kuwasiya ali chiimire pabwalo.

Dzulo ndinampeza mwanayo kudambo komwe kuja ndinkatapa mchenga. Anali m'malaya a yunifolomu, minga itawang'amba kale. Belu litalira anaima n'kuyang'ana kusukulu, kenaka anathamangira ng'ombe zimene zinkalowa m'dimba la eni. Ana a mwini ng'ombezo anatidutsa pomwepo, mabuku ali m'manja.

Achimwene, mwini mbumba ndinu. Atate a Yosefe mawu anga sawamva, koma anu sangawakane. Aimbireni foni, kapena bwerani mayeso asanayambe. Musaiwalenso mankhwala a amayi.

Mulungu akusungeni nonse. Ine mchenga uja sindinasenzere ana a mwini ng'ombe.

Mlongo wanu,
Tisiyenji