Timiyala ta pa Chiliza

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Indianapolis tilipo, koma msana uja sukundipatsa mtendere.

Lamlungu ndinaperekeza agogo achiyuda amene ndimawasamalira aja kumanda a akazi awo ku South Bend. Pamwamba pa chiliza panali timiyala tambirimbiri. Iwo atatsinzina kupemphera, ine ndinatisesa tonse ndi manja n'kutaya kutchire, monga timalambulira manda kwathu.

Atatsegula maso anayang'ana pachiliza popanda kamwala. Kenako anati, "Mwanawe, ife sitiika maluwa. Wobwera kudzaona manda amasiya kamwala. Uja unali mpingo wathu wonse."

Ndinati ndikatolenso, anakana. Akuti eni miyalayo ambiri agona pomwepo, ana anasamukira kutali, ndipo sunagoge amene makolo awo anamanga adatsekedwa kalekale. Anangotola kamodzi n'kuika. Kanatsala kokhakokha.

Ndinalira njira yonse pobwerera. Anangawa Chichewa amangomva, kuyankha ndi Chingerezi. Ndikadzagona m'dothi lino, adzandiyimbira ndani?

Mulungu akusungeni. Chonde mukapita kukasesa manda a amayi, mukandiikireko kamwala, adziwe kuti sindinawataye.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala