Tinawatuma Lole, Abwera ndi Galimoto ya ku Italiya

Lolemba, 14 Julho 1975

Ndikulemba mothamanga. Kaya zilembozi ndidzatha kuziwerenga. Koma ndikapanda kulemba ndiphulika.

M'mawa tinawatuma amuna anga, a Nazário, kukagula lole. Lole basi. Ija yobiriwira ya a Senyoro Valadares, mzungu wa makina ocheka matabwa amene akhala akumugwirira ntchito ya udalaivala zaka zonsezi. Mzunguyo akulongedza kubwerera kwawo, monga anzake onse chilandirire ife ufulu mwezi wathawu. Ndalama zake za mbumba yonse: za amayi, za achemwali anga awiri, zanga, za achimwene a Martinho. Thukuta la mbatata ya kachewere, zaka zinayi. Ndinazimanga ndekha pampango, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Madzulo, chiphokoso kumsewu ngati mabingu, chonsecho kuno mu Julho sikugwa mvula. Nkhuku balalabalala. Ana onse a kwathu kuno ku Chiuaula liwiro. Inenso, thovu la sopo lili m'manja.

Si lole. Kanthu kachikasu, kophwatalala ngati chule wopondedwa, msinkhu wake wondilekeza m'chiuno. Mipando iwiri yokha. Pamphuno pake chithunzi cha ng'ombe yamphongo yofuna kugunda. M'katimo bambo a Florinda, chogona chagada, mano onse pamtunda.

"Ya ku Italiya iyi, amake Florinda," atero. Ngati ndawafunsa kwawo kwake.

Ndafunsa za lole. Akuti tikambirana. Ndafunsa za mpango. Andipatsa, wopinda bwinobwino, wopanda kanthu.

Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, anthu akuona.

Lachiwiri, 15 Julho

Kuzizira koopsa. Sindinadye.

Nkhani yawo nayi. Akuti anapeza lole itapita kale, mzungu anaitumiza kumalire a Malawi ndi katundu wake. M'malo mobwerera ndi ndalama zathu, iwo chilili m'galaja kuyang'ana kachikasuka. Amakadziwa bwino. Kanabwera pasitima kuchokera ku Nacala zaka zitatu zapitazo, ndipo Loweruka lililonse wokatsuka anali iwo. Kutsuka, kupukuta, kupaka mafuta. Kukhalamo ayi. Ngakhale kutsegula chitseko ankayamba apempha.

Dzulo mzungu anawaponyera kiyi. "Khalamo, Nazário. Liza." Analiza. Nkhani inathera pomwepo.

Akuti ku Ulaya mtengo wake ndi wa malole khumi. Ndati chabwino, Ulayayo ili mbali iti, tikagulitse mawa?

Kanjira kolowera kwathu kali ndi ngalande, kagalimoto kakanika. Amuna asanu ndi atatu achita kukanyamula ngati maliro, n'kukaika pansi pa mtengo wa paini pafupi ndi mpanda. Florinda, mwana wopanda nzeru, akuvina. Akuti kusukulu anzake onse amudziwa.

Achimwene ali kumunda, akulondera milu ya kachewere. Sanamve. Akadzamva, kaya.

Lachinayi, 17 Julho

Achimwene abwera. Mbiri inawapeza kumunda komweko.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Anazungulira galimoto kawiri manja ali kumbuyo. Kenako mwaulemu wonse: "Alamu, matumba akwera pati?"

A Nazário anatsegula kutsogolo. Tayala. Anatsegula kumbuyo. Injini, chiinjini chodzaza malo onse, yoberekedwa kumsana ngati mwana. Achimwene anasuzumira pansi, n'kulowetsa dzanja pakati pa galimoto ndi dothi. Zala zinayi basi.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero, osamaliza n'komwe.

Atakhala pampando analankhula ndi ine, ngati mwini nkhani palibe. "Mlongo, mlendo wanuyu mumuuze. Wogula wa ku Nampula akweza kachewere pasitima ya Lachisanu la sabata ya mawa. Kachewere afike kusiteshoni, kapena ndalama za mbumba zibwere. Zikakanika zonse ziwiri ndiitana ankhoswe."

Mlendo! Zaka khumi ndi chimodzi munthu ali pamudzi pano. Nyumba ino anamanga ndi iwo, chitsime anakumba ndi iwo. Koma mwambo wathu ndi womwewo, mkamwini pakhomo si pake. Ndinawayang'ana amuna anga. Maso ali pansi, chala chikupukuta kafumbi pagalasi.

Ndakwiya nawo mpaka mutu ukupweteka. Komanso mawu aja andilasa ine.

Loweruka, 19 Julho

Tinapita tonse kwa mzungu kukabweza. Zitseko pululu. Makatani anachotsa, ngakhale mababu a magetsi. Galu wake yekha pakhonde, nthiti zikuwerengeka. Akuti ananyamuka pandege Lachitatu.

Ndiye kutsatsa. A Nordino a sitolo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinyamuliremo chiyani, amayi, singano?" Wa galaja ya kumsika akuti ikadzawonongeka, chitsulo chake ngakhale ku Beira kulibe. Dokotala amene tinkayembekeza kuti angagule nayenso akulongedza. Amene ali ndi ndalama akuthawa, amene akutsala alibe. Malole otsala m'tauni onse ali ndi asilikali.

Pobwerera takumana ndi mlembi wa komiti ya chipani ya bairo, dera lathu lino. "Kamarada Nazário, atsamunda apita, inu mwatsala ndi chidole chawo?" Anaseka, koma maso sanaseke. China chowonjezera pamtima.

Sopo watha. Mchere watsala pang'ono. Ife eni galimoto ya malole khumi.

Lamulungu, 20 Julho

Ndilembe kapena ndisalembe.

Titachoka ku misa a Nazário anandipempha kuti ndikwere nawo galimoto ija. "Kamodzi kokha, amake Florinda. Mukatero mundidzudzule mukudziwa chimene mukudzudzula." Ndinakana. Ndinakananso. Kenako ndinapezeka ndikuvula nsapato kuti ndisadetse m'kati. Anyamata anakatulutsanso pangalande paja.

Kulowa kwake kochita kukwawa, ulemu wonse wa chitenje kutha. Matako pafupifupi pansi. Fungo la chikopa.

Msewu wa ku bwalo la ndege, wokhawo wa phula losalala. Poyamba pang'onopang'ono. Kenako anaponda. Mayo ine! Chinthu chinabangula kuseri kwa makutu anga, msana unamatirira kumpando, mitengo ya paini inasanduka mpanda umodzi. Ndinakuwa. Ndinaitana Maria Woyera. Ndiyeno, Mulungu andikhululukire, ndinamva munthu akuseka, ndipo anali ine.

Ndinawayang'ana. Nkhope imeneyo sindinaionepo chikwatiwire. Si ya mkamwini wopatsa moni chogwada, si ya dalaivala wa mzungu. Munthu wina, wamtali.

Anaimitsa kumapeto a phula. Injini ikuthetheka. Anati, osandiyang'ana: "Pamudzi panu ngakhale nkhuku yotchedwa yanga palibe. Kwa mzungu ngakhale sipanala. Akuti dziko ndi lathu tsopano. Ndinangofuna kanthu kamodzi koti ndikakaloza ndinene kuti aka n'kanga."

Ndinati kanthu kanuko mwagulira thukuta la amayi. Anati akudziwa.

Tinabwerera kunyumba. Tsitsi langa lonse fumbi. Mtima sukudziwa kolowera.

Lachitatu, 23 Julho

Amuna anga ayesa. Zimenezo ndiwachitire umboni.

Lolemba anamasula mpando wanga uja n'kuuika m'nyumba. Pamalo pake matumba awiri, lachitatu pamwamba pa denga, lomanga ndi luzi. Milu ya kumunda ndi matumba oposa zana. Ndinawerengera maulendo ake, ndinaleka.

Ulendo woyamba anabwera, matumba atatu, galimoto ikukwekwereza mimba. Wachiwiri sanabwere. Kupitirira Assumane, pamene msewu umatsikira kudambo, mwala unang'amba mimba ya galimoto. Mafuta akuda onse pansi ngati mbuzi yozingidwa. Ndi pamenepo.

Aikoka anthu ndi zingwe mpaka kuno, tsiku lonse, ana akuimba m'mbuyo. Yabwerera pansi pa paini. Ng'ombe ija pamphuno ikadafunabe kugunda.

Lero a Nazário atenga njinga ya a katekisiti. Thumba limodzi limodzi, mtunda wonse uja. Mapazi atupa. Achemwali anga akusenza m'madengu, osandilankhula. Amayi angoti, "Serafina, mwana wanga," n'kupukusa mutu. Bola kunditukwana.

Lachisanu, 25 Julho

Sitima yalira m'mawa. Ndinaimva ndili pachitsime.

Matumba khumi ndi anayi okha ndiwo akwera. Ena onse ali kumunda pansi pa udzu, ayamba kumera maso.

Lamulungu, 27 Julho

Ankhoswe anakhala pabwalo pathu. Kwathu achimwene. Kwawo amalume awo a Salvador, nkhalamba yabwino, chipewa chili m'manja nthawi yonse. Anapepesa mpaka mawu kusasa. Akuti mwana wawo adzalima zaka zonse zimene mbumba inganene.

Achimwene anati kulima amalima kale, nanga chatsopano n'chiyani.

Kenako funso lija amafunsa mkazi. "Serafina, iwe ukuti bwanji? Munthuyu ukumufunabe?"

Amayi uko, maso ofiira. Achemwali uko, mapewa osupuka ndi madengu. Ana awo chaka chino alowa m'dzinja opanda chovala. Ndinkati ndinene kuti inde. Ndinkati ndiyambe ndameza malovu. Ndinayang'ana pansi, ndipo pansi pomwepo ndinakhalitsa.

"Mwamva nokha," anatero achimwene.

Sindinanene kanthu! Koma kwathu kuno kukhala chete pabwalo ndi yankho, ndipo ine ndimadziwa.

Mkamwini amachoka ndi chimene anabwera nacho. Ndinawatulutsira ndekha: bulangete, khasu, kasutikesi ka malata. A Salvador anafunsa mwamanyazi za galimoto. Achimwene anati yagulidwa ndi ndalama za mbumba, ndi ya mbumba. Palibe anatsutsa. N'zoona kumene.

Banja lathera kanthu kamodzi kakuti akatche kawo, ndipo nakonso si kawo.

A Nazário anatulutsa kiyi m'thumba. Sanapatse achimwene. Anagwada monga mwa ulemu wawo wa masiku onse, n'kuiika pamphasa patsogolo panga. Florinda anawathamangira mpaka kumsewu, anachita kukamugwira.

Loweruka, 9 Agosto

Sabata ziwiri osalemba. Ndilembenji.

Kachewere tikugulitsa pamsika timilu timilu, wina tikutaya. Fungo lake lili m'zovala. Achimwene akufunafuna wogula matayala ndi mipando. Mpando uja uli m'nyumba, amayi amakhalapo posankha nyemba, akuti ndi wabwino kumsana.

Akuti a Nazário ali kwa amayi awo ku Assumane, akucheka matabwa pamanja. Florinda sakudya bwino. Ine usiku ndimagona mbali yanga yokha ya mphasa, ngati wina andiletsa.

Chodabwitsa. M'mawa uno galimoto ndaipeza yonyowa, yowala, masamba a paini onse atachotsedwa. Ndafunsa Florinda, akuti si iye.

Loweruka, 16 Agosto

Ndinadzuka kusanayere bwino, ndinasuzumira pazenera.

Ndi iwo. Ndowa yawoyawo, madzi otunga kumtsinje, osati pachitsime chathu chimene anakumba okha. Aonda. Kuchokera ku Assumane wapansi, m'chisanu chonsechi. Anayamba denga, kenako magalasi, kenako kang'ombe kaja ndi kansalu kapadera. Pomaliza anaima pachitseko cha dalaivala. Dzanja linafika pachogwirira. Analibweza, n'kulipukuta pabuluku.

Sanatsegule. Alibe womupempha.

Ndinaluma chitenje kuti ndisamveke. Zaka zitatu ankatsuka ya mzungu osakhalamo. Mzungu wapita, mbendera yasintha, ndipo Loweruka lake ndi lomwe lija. Kungoti a Senyoro tsopano ndife. Ndine.

Anapita osayang'ana kunyumba.

Loweruka, 23 Agosto

Sindinagone. Dzulo ndinawauza amayi kuti pabwalo paja sindinayankhe, ndipo funso losayankhidwa likadali funso. Anati, "Achimwene ako adzalusa." Ndinati adzaluse, ngongole ya mbumba tidzailima awiri, ndekha sindingathe. Sanandiletse. Ananyamuka pampando paja okha, n'kuupukuta ndi mpango wawo.

Mpando ndautulutsa, uli pakhonde. Wolemera ngati tchimo. Galimoto siyenda, ndikudziwa, mwina sidzayendanso. Koma zitseko zimatseguka, ndipo mipando ndi iwiri.

Kiyi ili m'dzanja lamanzere, yatentha ndi thukuta. Achimwene abwera Lolemba. Zimene ndidzawauze sindikuzidziwa, mantha ndiye osanena.

Kwayera. Ndowa yalira kumpanda.

Ndikutuluka.