Ndinakhala Ndekha pa Tebulo la Bungwe

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu, alamu anga ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndiyambe ndi yabwino: ndine woyembekezera, ndipo mimba yaonekera kale. Ndinkafuna kukuuzani ndikuseka, koma zakanika.

Mukudziwa kuti ntchito yanga yolemba mapulogalamu a pakompyuta ndimagwirira kuchipinda. Anzanga a pakampani sindinawaonepo nkhope. Pamisonkhano ya pakompyuta makamera amakhala othima, timangodziwana mawu. Wina timamutcha Kachifuwa, poti sayamba kulankhula asanatsokomole. Bwana nayenso sanandionepo, choncho mimbayi inabisala bwinobwino kuseri kwa desiki.

Vuto n'lakuti tonse tili pa kontirakiti ya miyezi yochepa, ndipo tchuthi cha uchembere mulibe. Mnzathu wina atabereka, dzina lake linangosowa pamisonkhano, osatsanzika n'komwe.

Kachifuwa ndiye anayambitsa zoti tikhazikitse bungwe la ogwira ntchito. Pagulu lathu la pafoni panatentha. Ena ankati ife ndife akatswiri, mabungwe ndi a anthu onyamula katundu, ukatopa umangopita kampani ina. Koma ambiri anavomera, ena mpaka kulumbira. Tinagwirizana kuti bungwe silingabadwire pafoni, tikumane Loweruka palesitilanti ina, patebulo lalitali la pawindo.

Alamu anu anandiletsa, amvekere akakuona ndi mimbayo basi watha. Ndinawayankha kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinafika koyambirira n'kukhala patebulopo. Achemwali, anthu anabwera ndithu. Ndinawaona akulowa mmodzimmodzi, kumsana zikwama za laputopu zofanana ndi changa, zimene kampani inatitumizira. Aliyense ankayang'ana tebulo lija, kuyang'ana ine, n'kukakhala pakatebulo kayekha, maso palaputopu. Kumbuyo kwanga wina anatsokomola. Chifuwa chimenecho ndingachizindikire ngakhale ndili m'tulo. Nditacheuka, mwini wake anaweramira kapu yake.

Tiyi wanga anazizira. Kenako woperekera zakudya anandifunsa mwaulemu ngati alendo anga akubwerabe, poti tebulolo linkafunidwa ndi banja lina. Ndinanyamuka nditagwira msana, onse akundiona.

Lolemba bwana anandilembera uthenga. Anati akundifunira zabwino zonse pa mwana amene akubwerayo, ndipo poti ndifunika kupuma, kontirakiti yanga ikatha mwezi uno sadzaiwonjezera. Munthu woti sanandionepo! Ndiye kuti mmodzi wa eni zikwama aja anabwera ngati kazitape wa bwana.

Ndalira mpaka maso kutupa. Sindikudziwa woti ndimukwiyire, chifukwa nawonso ali ndi ana owadyetsa. Ndinalemba pagulu lija zimene zandichitikira. Onse anawerenga, koma kuli zii.

Madzi afika m'khosi, achemwali. Alamu anu ntchito sanaipezebe, ndipo nyumba ino tiisiya. Ndikupempha mundilandire ndidzachirire kwanu. Sindidzavuta, ngakhale pabalaza ndidzagona. Ine amene ndinkakusekani kuti mumadzukira kukakwera basi m'mawa pamene ine ndikugwira ntchito nditavala zogonera, lero ndikugogoda pakhomo panu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi muwauze za mdzukulu zokha, asangalaleko kaye. Mulungu akusungeni, ndipo chonde muyankhe mwezi usanathe.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa mayi