Datsun ya pa Chithunzi cha Ababa

Al Doha Al Jadeeda,
Doha.

Okondedwa Achemwali Ashura,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wanu uja wasiya kutupa? Nanga Ababa akudya bwino masiku ano? Ine kuno ndili bwino, alihamdulila, kungoti kutentha kwafika poipa. Ku hotela andisintha shifiti, tsopano ndikumatenga alendo ku eyapoti m'mawa, ndipo ndikumapuma Lachisanu lokha.

Nkhani yaikulu ndi ya chithunzi chakale chija munachipeza m'sutikesi ya Ababa n'kunditumizira pa foni. Chija Ababa aima pa siteshoni ya ku Balaka atatsamira galimoto, kumbuyo kwawo kuli sitima, ndipo pazenera la sitimayo pali mayi akusuzumira, dzanja lili pachibwano. Inu munati ayenera kukhala azakhali aja anamwalira dziko lisanalandire ufulu. Ndinavomera, koma mtima sunakhazikike.

Ku garaja kumene timakonzetsa magalimoto a hotela kuli makaniko wachikulire wa ku Sudan, dzina lawo a Bashiri. Bwana wawo amasunga magalimoto amakedzana, ndipo amawasamala ndi iwowo. Tsiku lina ndikudikira kuti andisinthire mabuleki, ndinawaonetsa chithunzicho. Anapukuta manja, n'kuvala mandala, n'kuchikulitsa ndi zala. Anthuwo sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa nyali zakutsogolo ndi mmene denga latsetserekera kumbuyo. Kenako anaseka, amvekere imeneyi ndi Datsun 120Y, ntchito anaiphunzirira pa yotereyi ali mnyamata. Ndinafunsa ngati ingakhale ya nthawi ya atsamunda. Anakanitsitsa, akuti galimoto imeneyi inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 70.

Achemwali, ndinangokhala pa tayala. Nthawi imeneyo azakhali anali atatisiya kalekale. Ndipo kumapeto kwa zaka zomwezo ndi pamene Ababa anakwatira Amayi.

A Bashiri ataona mmene ndinalili anandiitanitsira tiyi. Ndinawafotokozera kuti Amayi anamwalira ine ndikuyamwa, inu muli wamng'ono, ndipo chithunzi chawo tilibe ngakhale chimodzi. Ndinawauzanso zimene mumanena zija, kuti chimene mumakumbukira ndi mpango wawo wobiriwira basi. Madalawo anandiuza kuti ndisathamange, chaka chokha ndi chimene galimoto ingandiuze, dzina la munthu ndikafunse kwa anthu.

Za sitimayo ndinafunsa Grayson, mnzanga wa ku Limbe amene amalondera ofesi ina ku West Bay. Bambo ake ankagwira ntchito ya njanji. Iye akuti si bogi wamba yokokedwa ndi mutu, chifukwa ili ndi nyali komanso zenera la woyendetsa kutsogolo kwake. Akuti ndi zija zinkayenda zokha, injini ili pansi, kunyamula anthu kuchoka tauni ina kupita ina. Za zaka zake sanatsimikize, ndisamunamizire. Koma anandionetsa chinthu chimene ine sindinachione: Ababa sakuyang'ana wojambula ayi. Thupi lili pa galimoto, koma nkhope aipendeketsera kuzenera kuja.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndikudziwa kuti mutu wa Ababa sukugwira ngati kale. Ulendo watha uja pa foni ankanditchula dzina la mng'ono wawo, ndipo mukawafunsa kuti uyu ndani amachita mantha n'kukwiya. Ndiye musawafunse za mayiyo. Musankhe m'mawa atamwa tiyi, muwapatse chithunzicho m'manja, n'kungowafunsa kuti Datsun imeneyi inali ya ndani. Munthu amene wagwira chiwongolero moyo wake wonse ngati Ababa galimoto saiiwala msanga. Mwina akayamba kufotokoza za mwini wake afika okha pa ulendowo, ndi amene ankamuperekeza kapena kumuchingamira tsiku limenelo. Muwasiye alankhule mmene angafunire, foni ili pambali ikujambula mawu. Akatopa musawakakamize, mudzayesenso tsiku lina. Akapanda kukumbuka, palibe mlandu, ndidzakhalabe ndi mawu awo.

Chithunzicho ndachisindikiza pa kashopu ka pafupi ndi pomwe tikukhala, ndachimata pakhoma pambali pa bedi. Anzanga a m'chipinda akafunsa ndimati awo ndi Ababa ali anyamata, iyo ndi Datsun. Za mayi wa pazenerayo sindinauze wina aliyense pano. Ndikudikira inu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rashid, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse, makamaka Yasmin amene ndamva kuti wayamba sekondale. Ababa muwagwire dzanja m'malo mwanga, ngakhale asadziwe kuti moniyo wachokera kwa ndani. Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Amidu